Galimoto ikakuimirani musathamangire kuwoloka: malangizo a pamsewu wa m'tawuni

Funso limene ndatopa nalo ndi loti "kodi pamenepa woyenera kudutsa ndi ndani?" Amandifunsa achibale amene angotenga kumene laisensi, amandifunsa anzanga apanjinga galimoto ikawapanikizira kungalande, amandifunsanso makolo amene ana awo ayamba kupita okha kusukulu. Ine galimoto ndimayendetsa, njinga ndimapalasa, komanso masiku ambiri ndimayenda wapansi, nde kuwawa kwa mbali zitatu zonsezi ndimakudziwa. Ndaganiza zongolemba kamodzi basi, wina akadzandifunsanso ndidzangomupatsa izi awerenge yekha.

Tisanayambe tigwirizane mawu awiri. Mayiko ena amayendetsa kumanzere, ena kumanja, nde ndikamati "kumphepete" ndikunena mbali ya msewu kumene kumayenda anthu apansi, ndikamati "kukati" ndikunena mbali ya mzere wapakati uja.

1. Siyani kaye kulimbirana zoti ufulu ndi wa ndani

Malamulo alipo ndipo aphunzireni ndithu, koma lamulo siliponda buleki. Munthu utha kukhala kuti sunalakwe chilichonse koma wogonekedwa kuchipatala n'kukhala iwe. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO, mu lipoti lake la 2023, linati anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa pangozi zapamsewu chaka chilichonse, ndipo oposa theka la anthu amenewa ndi oyenda pansi, apanjinga zakapalasa ndi apanjinga zamoto. Kwa ana ndi achinyamata a zaka 5 mpaka 29, palibe matenda amene akupha kuposa msewu.

Nde funso loyenera kumadzifunsa ndi ili: tikagundana pano, avulale kwambiri ndi ndani? Amene angapweteke mnzake kwambiri ndi amene asenze udindo waukulu. Wa lole asamale wa galimoto yaing'ono, wa galimoto asamale wanjinga, wanjinga nayenso asamale woyenda pansi, chifukwa handulo ikagunda agogo m'chiuno si nkhani yaing'ono ayi. Ku Britain zimenezi anachita kuzilemba m'buku lawo la malamulo a pamsewu mu 2022. Koma inu aang'ononu musati poti udindo ndi wa wamkulu ndiye muzingolowa mwachisawawa, thupi lovulala likhala lanu.

2. A dalaivala, chotsaniko phazi pamoto

Apa ndikupatsani masamu pang'ono, musathawe. Galimoto yoyenda makilomita 50 pa ola imadya mamita pafupifupi 14 pa sekondi imodzi. Yoyenda 30 imadya mamita 8 okha. Kuchokera pamene diso laona mwana pamsewu kufika pamene phazi lafika pabuleki pamadutsa sekondi imodzi kapena kuposa, ndipo nthawi yonseyo galimoto ikungopita ndi liwiro lomwe lija. Pamsewu wouma, matayala ali bwinobwino, wa 30 uja amakhala waimiratu pamamita 13 kapena chapompo. Wa 50 pamamita 13 omwewo amakhala asanayambe n'komwe kuponda buleki, ndiye kuti mwana uja amamugunda ndi 50 yense, ndipo kuti aime pamafunika mamita pafupifupi 28. Mukawonjezera liwiro kawiri, mtunda womangira mabuleki umawonjezeka kanayi, osati kawiri monga ambiri amaganizira.

N'chifukwa chake mayiko atakumana ku Stockholm mu 2020 analimbikitsa kuti pamene magalimoto amasakanikirana ndi anthu apansi ndi njinga liwiro lisamapose 30. Chikwangwani chikalemba 50 sichikunena kuti muzithamanga 50 nthawi zonse, chikunena kuti musapitirire pamenepo. Pasukulu, podikirira anthu okwera basi, pamene magalimoto aimikidwa mbali zonse ziwiri, tsitsani. M'tawuni kuthamanga sikufika, amene wakudutsani ngati mphepo uja mukamupeza ataima pamaloboti otsatira.

Za foni ndingonena mwachidule. Masekondi awiri oyang'ana uthenga pa 50 ndi mamita 28 oyenda osaona, ndipo WHO imati dalaivala wogwiritsa ntchito foni mwayi wake wochita ngozi umachuluka pafupifupi kanayi. Ikani m'thumba.

3. Nenani chimene mukufuna kuchita musanachichite

Ulemu weniweni wa pamsewu wagona apa, kuti mnzako asamachite kulosera. Indiketa iyake musanayambe kuchepetsa liwiro, osati chiwongolero chitapindika kale, imeneyo ndi nkhani yakale yopanda ntchito kwa munthu wakumbuyo. Ndipo indiketa ndi pempho, sikuti mukangoiyatsa njira yatseguka. Yatsani, yang'anani pagalasi, cheukani, kenako lowani.

Wanjinga indiketa yanu ndi mkono. Cheukani kaye, tambasulani mkono wonse mowongoka kwa masekondi angapo, bwezerani dzanja pahandulo, ndiye khotani. Cholakwika chimene ndimachiona tsiku ndi tsiku ndi kugwedeza kadzanja m'munsi cha pabondo kwinaku akukhota kale, palibe dalaivala angaone zimenezo. Oyenda pansi nanunso thupi lanu limalankhula. Ngati mukufuna kuwoloka imani poonekera, nkhope kumsewu. Ngati mukungocheza kapena kudikira munthu, sunthirani kutali ndi pa zebra, paja ndikunena mizere yoyera yowolokera anthu ija, chifukwa mukaima pomwepo osawoloka mukuzoloweretsa madalaivala kuti anthu oima pa zebra asamawalabadire.

Hutala ntchito yake ndi imodzi, kunena kuti "ndilipo, ndioneni". Kuiliza mwamphamvu kumbuyo kwenikweni kwa wanjinga kumamudzidzimutsa, ndipo munthu wodzidzimuka pa njinga amapepeluka, nthawi zambiri kulowera kukati komwe kuli inuko.

4. Akakupatsani mpata: apa ndi pamene pagona nkhani

Malangizo ambiri amathera pa "yang'anani uku ndi uku kenako wolokani", ndipo madalaivala amangouzidwa kuti aziimira anthu. Zoona zonsezo. Koma pali ngozi ina imene imabwera chifukwa cha ulemu womwewo, ndipo imeneyi anthu saiphunzitsa.

Taganizani msewu wa mizere iwiri yopita mbali imodzi. Mwaima kumphepete. Galimoto ya mumzere woyandikana nanu yaima, dalaivala wakukodolani ndi dzanja kuti dutsani. Mtima wanu wakhala pansi, komanso mukuchita manyazi kuti mukumuchedwetsa munthu wabwinoyu, nde mukuyamba kukathamanga. Pamenepo galimoto imene yakuimirani ija yasanduka khoma. Inu simukuona mzere wachiwiri, ndipo amene akubwera mumzere wachiwiri sakukuonani inu, iye akungoona galimoto yoima n'kumaganiza kuti yafa kapena ikutsitsa munthu. Mukatulukira kutsogolo kwa boneti mumakumana naye pa liwiro lake lonse.

Zinandichitikira ine ndili pachiwongolero, ndipo mpaka lero ndikadutsa malo otero phazi limapita lokha pabuleki. Kunali kamvula kowaza, minibasi itaima mumzere wakumphepete, ine ndili mumzere wakukati, m'mutu mwanga ndikuti ikukweza anthu. Kutsogolo kwake kunangotulukira mayi atagwira mwana wa yunifolomu padzanja, akuthamanga chowerama kuthawa mvula, nkhope atayang'ana kutsidya osati kwa ine. Ndinaponda buleki mpaka pansi. Galimoto inaima chikwama cha mwana uja chitakhudza bampa, mayi aja dzanja lawo lili paboneti panga, tinangoyang'anizana pagalasi osalankhula. Chimene chinatipulumutsa n'choti ndinali nditachepetsa kale chifukwa cha mvulayo, ndikanakhala pa 50 bwenzi tikunena zina. Wa minibasi uja sanalakwe kuima, mayi aja anadutsa chifukwa anauzidwa kuti adutse, ine ndinali mumzere wanga. Aliyense akanatha kunena kuti sanalakwe.

Nde tichite chonchi.

Inu oyenda pansi, mzere uliwonse ndi msewu pawokha. Amene wakuimirani wakupatsani mzere wake wokha, wa mnzake alibe nawo mphamvu. Yendani mpaka pakona ya boneti yake, imani pamenepo, suzumirani mutu wokha, muone kuti mzere wotsatira uli bwanji, kenako pitirizani. Chitaninso chimodzimodzi pamzere wina uliwonse, ndipo mukafika pakati kumbukirani kuti magalimoto tsopano akuchokera mbali inayo. Ngati pali kachilumba pakati pa msewu imani pamenepo muyambirenso kuyang'ana ngati kuti mukuyamba kumene kuwoloka. Osathamanga. Munthu wothamanga sayang'ana kumbali komanso sangathe kuima mwadzidzidzi, ndipo manyazi oti mukuchedwetsa wina atayeni, masekondi atatu sanaphepo dalaivala. Musaiwalenso kampata ka pakati pa galimoto yoima ndi mphepete mwa msewu, kapena pakati pa mizere iwiri ya magalimoto oima pamzere, mmenemo ndi mmene mumatulukira njinga zamoto ndi zakapalasa. Magalimoto onse olo ataima chifukwa chothithikana, msewuwo sunaime ayi.

Komanso musakhulupirire kuti poti dalaivala nkhope yake yaloza kwa inu ndiye kuti wakuonani. Munthu amatha kuyang'ana komwe muliko maso ali pagalimoto ya kumbuyo kwanu. Chizindikiro chodalirika ndi matayala. Akuchepetsa liwiro? Aima? Ngati sanaime dikirani, kuona maso a nkhono n'kudekha.

Inu a dalaivala amene mwaima, mwachita bwino, koma dzanja lokodola lija lisungeni. Mukakodola munthu mumakhala ngati mwamulonjeza kuti msewu wonse uli bwino, pamene inu mukudziwa za mzere wanu wokha, makamaka mwana akaona wamkulu akumukodola amangothamanga osayang'ananso. Ingoimani, muime patali ndithu ndi mizere yowolokera, mamita angapo kumbuyo, kuti wowolokayo ndi wa mzere winayo athe kuonana msanga. Yang'anani pagalasi la m'mbali, mukaona wina akubwera ndi liwiro pamenepo ndiye pofunika hutala ndi dzanja loimitsa. Ndipo musaime mwadzidzidzi pamalo oti wakumbuyo sakuyembekezera pongofuna kuoneka aulemu, nthawi zina ulemu ndi kudutsa msanga kuti munthuyo awoloke msewu uli mbee kumbuyo kwanu.

Inu a mzere wachiwiri, lamulo lanu ndi lalifupi ndipo musaliphwanye olo tsiku limodzi. Galimoto ikaima kapena kuchepetsa liwiro pafupi ndi powolokera, kapena pena paliponse inu osadziwa chifukwa chake, muziti pali munthu. Osaipitirira. Chepetsani mpaka liwiro loti mutha kuima pompo, muone kutsogolo kwa boneti yake ndi maso anu. Pabasi yoima ndimayang'ananso pansi pake, miyendo ya anthu imaoneka kumeneko mutu usanaoneke.

Msampha womwewu umagwiranso madalaivala okhaokha. Mukufuna kukhota modula magalimoto obwera kutsogolo, wina waima n'kukuphethirirani magetsi. Kuphethira magetsi kulibe tanthauzo limodzi, wina amatanthauza "dutsa", wina "ndikubwera usalowe". Olo atanthauze kuti dutsani, kuseri kwake kutha kukhala wanjinga amene akuwongoka cha kumphepete. Lowani pang'onopang'ono ngati mukusuzumira pakhomo la eni.

5. Wanjinga, musalowe pakati pa lole ndi mphepete pamphambano

Ili ndi lachiwiri pa zoopsa. Lole kapena basi yaima pamaloboti, kumphepete kwatsala kampata kokwana njinga, mtima ukuti ndilowe ndikaime kutsogolo. Musalowe. Galimoto yaitali ikamakhota, matayala akumbuyo satsata mmene mwadutsa akutsogolo, amadula kona kulowera mkati, ndipo kampata kaja kamatsekeka inu muli momwemo. Choipa china n'choti lole ikafuna kukhotera kumphepete imayamba yatayira mutu kukati kuti ipeze malo, nde wanjinga amaona ngati ikumutsegulira njira pamene ikukonzekera kubwera komweko.

Palinso malo amene dalaivala saona olo ayang'ane magalasi onse, pa Chingerezi amati blind spot. Pa lole malo amenewa ndi aakulu: m'mbali cha kumphepete, kutsogolo kwenikweni pansi pa galasi lalikulu, ndi kumbuyo. Ngati inu simukuona nkhope ya dalaivala pagalasi lake la m'mbali, iyenso sakukuonani. Khalani kumbuyo kwake muilole ipite. Zikachitika kuti inu munafika kale ndiye lole yadzaima pambali panu, sunthirani kutsogolo ndithu pamene angakuoneni, mucheuke muonane naye, apo ayi tsikani mukwere nayo njinga kumbali. Oyenda pansi, musadutse mokhudza bampa ya lole yoima, mutu wanu sufika n'komwe pamene iye amaona.

A galimoto zing'onozing'ono, musapitirire wanjinga kenako n'kukhota pamaso pake pomwepo. Ngati pokhotera pali pafupi khalani kumbuyo kwake, adutse kaye.

6. Kupitirira njinga, ndi nkhani ya chitseko

Siyani mpata wa mita imodzi ndi theka pakati pa galimoto ndi wanjinga, mayiko angapo muyezo umenewu anauika m'malamulo. Chifukwa chake n'choti njinga siyenda mowongoka ngati sitima, pali dzenje, pali mchenga, pali botolo losweka, ayenera kuzemba. Ngati mpata woterowo palibe ndiye kuti nthawi yopitirira sinakwane, dikirani.

Apanjinga ambiri amaganiza kuti kukakamira kumphepete kwenikweni ndiye chitetezo. Ayi. Mukamata kungalande madalaivala amayesa kudzipanikiza mumzere womwewo, ndipo inu mulibe kothawira. Yendani motalikirako pang'ono ndi mphepete, ndipo pamalo opapatiza poti galimoto singakudutseni bwino, cheukani, perekani chizindikiro, lowani pakati pa mzere mpaka papapatizapo patatha, kenako bwererani mumupatse njira ndi kadzanja kothokoza. Podutsa magalimoto oimikidwa siyani mpata wokwana chitseko chotsegula.

Amene muli m'galimoto, dalaivala ndi okwera omwe, tsegulani chitseko ndi dzanja lakutali ndi chitsekocho. Mukatero thupi limatembenuka lokha ndipo maso amaona kumbuyo. Njira imeneyi imatchedwa Dutch Reach potengera dziko la Netherlands kumene njinga ndi zambiri.

Pali kusokoneza kwina kofunika kukonza. Woyenda pansi, pamene palibe kanjira kake, ayende moyang'anizana ndi magalimoto kuti aziona chimene chikubwera. Wanjinga ayi, iye ayende mbali imodzi ndi magalimoto. Anthu amasakaniza malamulo awiriwa. Mukapalasa mosemphana ndi magalimoto, dalaivala wotuluka pamphambano sayang'ana mbali imene mukuchokerayo chifukwa sayembekezerako kanthu, komanso mukagundana liwiro lanu ndi lake zimaphatikizana.

7. Usiku ndi mvula

Mukaona magetsi a galimoto ali kutali mumaganiza kuti nayenso wakuonani. Sanakuoneni. Munthu wovala zakuda usiku amaonekera galimoto itafika kale pafupi, makamaka dalaivala akathobwa ndi magetsi a mnzake wochokera kutsogolo. Valani chowala kapena chonyezimira, olo kuyatsa tochi ya pafoni n'kuilozetsa pansi kumathandiza. Njinga ikhale ndi getsi loyera kutsogolo, lofiira kumbuyo, ndi zonyezimira pamapedulo chifukwa chinthu choyenda diso limachigwira msanga. Chipewa choteteza mutu mangani lamba wake, chosamanga chimauluka mutu usanafike pansi. A dalaivala, pukutani galasi mkati ndi kunja, tsitsani magetsi mukakumana ndi wanjinga monga mmene mumachitira ndi galimoto inzanu, ndipo pamadzi odikha chepetsani musawathire anthu matope. Mowa ndiye sindichita kunena, mwamwa musagwire chiwongolero kapena handulo.

8. Mukalakwirana

Zidzachitika ndithu. Ngati mwalakwa ndinu kwezani dzanja, mkwiyo wa mnzanu umatsika pompo. Ngati akulakwirani, musamuthamangitse, musamupanikize kuti aphunzire, musatsike kukamenya galasi lake. Dalaivala wokwiya amayendetsa moipa kwa mphindi zingapo zotsatira, ndipo amene amalipira ndi munthu wina kutsogolo amene sanalakwe kanthu. Agogo kapena munthu wolumala akamawoloka pang'onopang'ono maloboti n'kusintha iye ali pakati, dikirani amalize, osaliza injini kapena kusendera pafupi kumuopseza.

9. Phunzitsani mwana pamsewu penipeni

Ana aang'ono, tinene osakwana zaka 10, amavutika kuyeza kuti galimoto ikubwera mwachangu bwanji, komanso ndi afupi moti kuseri kwa galimoto yoimikidwa saoneka. Mwana wa mnzako ndi wako yemwe, mukamuona akuzengereza pamphepete wolokani naye. Wanu musangomuuza pakamwa kunyumba. Pitani naye panjira yeniyeni imene amadutsa, nthawi yomwe amadutsira, mumugwire pamkono osati tizala tokha chifukwa timapulumuka. Muonetseni pamene ayenera kuima, mbali imene galimoto yoyamba imachokera, ndipo dikirani dala mpaka wina akuimireni kuti ayeserere zija za mu nambala 4, kufika pakona ya boneti, kuima, kusuzumira. Masiku otsatira musinthane, iye ndi amene azinena kuti "tiyeni tsopano", inu muzingovomera kapena kukana n'kumufunsa kuti waona chiyani. Akalakwitsa bwererani kumphepete muyambirenso. Muzimusiya yekha pokhapokha mwaona kangapo kuti dalaivala atamukodola ndi dzanja, iye anaimabe pakona ya boneti n'kuyang'ana mzere wachiwiri inu musanamukumbutse.